Zolemba za ntchito: kusaka mawu amene ogula mtedza amalemba pa Google

Febuluwale, sabata yachiwiri

Komiti ya kopaletivi yathu yandipatsa miyezi itatu. Mtedza tiyamba kukumba kumapeto kwa Epulo, ndiye akufuna kuti pofika nthawi imeneyo, wogula wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akasaka mtedza wa ku Mchinji pa Google, adzayambe waona ife asanaimbire mavenda a pa Kamwendo. Webusayiti tili nayo, chino n'chaka chachiwiri, koma ili ngati golosale ya kuseri kwa chulu: amafikako ndi okhawo amene tawalondolera tokha.

Pamsonkhano a wapampando anandifunsa kuti, "Mwana wanga, Google-yo imafuna zingati kuti itikweze pamwamba?" Ndinawauza kuti njira zilipo ziwiri. Ina ndi yogula malo otsatsirapo malonda. Imagwira msanga, koma ndalama zikangotha nanunso mwazimiririka. Inayo ndi imene amati SEO: kulemba masamba oyankha zimene anthu akufunsa, m'mawu amene eniakewo amalemba, mpaka Google iyambe kukuonetsani yokha osalipira. Anakhala duu pang'ono, kenaka n'kuti, "Ohoo, ndiye kuti ina ndi feteleza wa m'sitolo, inayo ndi manyowa." Tinagwirizana za manyowa.

Choyamba ndiyenera kudziwa mawu osakira, amene anzathu a makompyuta amati ma keyword. Zida zofufuzira mawu amenewa zilipo zambirimbiri, zaulere ndi zolipira, ndipo komiti ikufuna ndidzaiuze kuti tigule chiti. Usiku ndatsegula m'kati mwa webusayiti n'kupeza kuti amene anatimangira anaunjika mawu a Chingerezi pamalo otchedwa meta keywords, kuyambira best mpaka cheap. Google inanena poyera mu 2009 kuti malo amenewo siwawerengera posanja masamba. Ndafufuta zonse.

Febuluwale, sabata yachitatu

Ndayamba ndi Google Search Console poti ndi yaulere. Akale amaidziwa ndi dzina la Webmaster Tools, limene linasinthidwa mu 2015. Isanatsegule imafuna umboni wakuti webusayitiyo ndi yanudi. Njira ya DNS, yoika umboniwo pa dzina la webusayiti, yakanika chifukwa pasiwedi ya kumene tinagula dzina la webusayiti ili ndi mnyamata anatimangira uja, ndipo foni yake siikupezeka. Ndadzera kwina: ndaika kachidutswa ka HTML kumutu kwa tsamba loyamba, ndipo zatheka.

Chida chimenechi sichikuuzani zimene dziko lonse likusaka. Chimangokuonetsani mawu amene munthu analemba tsamba lanu n'kuonekera: laonekera kangati, ndi angati analidina, linali pa nambala yanji. Chimasunga mbiri ya miyezi 16. Kwa ife a masamba anayi okha, muli mbee. Msampha umagwira mbewa zodutsa pomwe wautchera pokha, ndiye tiyenera kutchera malo ambiri kaye.

Febuluwale, kumapeto

Masiku awiri apita pa Keyword Planner, limodzi mwa masikuwo magetsi atathima kuyambira m'mawa, laputopu n'kundithera pakati pa ntchito.

Chida ichi chili m'kati mwa Google Ads ndipo chinabwera mu 2013. Anapangira otsatsa malonda, osati ife a manyowa, ndipo zimenezi zimaonekera paliponse. Ngati simukulipira malonda, kuyambira mu 2016 sichikupatsani nambala yeniyeni ya anthu osaka. Chimangoti 10–100, kapena 100–1K, kapena 1K–10K pamwezi. Pakati pa 100 ndi 1,000 pali kusiyana kwa ndowa ndi ngolo, nanga munthu ungapange chiganizo chotani pamenepo? Dziko ndinasankha Malawi popanda vuto, koma pamndandanda wa zilankhulo Chichewa palibe, choncho ndinasiya pa zilankhulo zonse.

Mawu a Chingerezi anabweza kanthu. Mawu a Chichewa ambiri anangobwera ndi kamzere, kusonyeza kuti palibe chowerengeka. Poyamba mtima unagwa, ndinkaganiza kuti palibe amene amasaka m'Chichewa. Koma ine ndemwe ndimasaka m'Chichewa, ndipo mlongo wanga amatero tsiku ndi tsiku. Kamzereko kakutanthauza kuti sikelo yake ndi yoyezera matani, ife tabwera ndi kambale ka nsinjiro.

Chimodzi chimene chikanandipusitsa: pali danga lolembedwa Competition, limene limati Low, Medium kapena High. Ndinasangalala nditaona Low paliponse, n'kumati njira ili pululu. Pambuyo pake ndinazindikira kuti dangalo limanena za kuchuluka kwa olipira malonda pa mawuwo. Silinena kanthu za kuvuta kwa kukwera pamndandanda waulere. Amene adzatenge ntchitoyi pambuyo panga asadzagwe m'dzenje limeneli.

Google Trends ndangoiyesa ola limodzi. Manambala ake a 0 mpaka 100 si chiwerengero cha anthu: 100 ndi nthawi imene mawuwo anasakidwa kwambiri, zina zonse zikuyerekezedwa ndi pamenepo. Ndi yabwino poona nyengo, komanso poyerekeza mawu awiri monga groundnuts ndi peanuts m'maiko osiyanasiyana. Ku America amati peanuts, ife kuno timati groundnuts, ndiye tsamba lathu la Chingerezi liyenera kukhala ndi onse awiri. Pa mawu a Chichewa mzere umangogona pansi n'kumadumpha apo ndi apo. Sindiudalira.

Malichi, sabata yoyamba

Sabata ya zida zolipira. Mayina amene aliyense amatchula ndi Ahrefs ya ku Singapore, Semrush ya ku Boston, Moz ya ku Seattle, ndi Ubersuggest imene Neil Patel anagula mu 2017. Ziwiri zoyambazo, kuti mupeze zonse zofunika, zimapitirira madola 100 pamwezi.

Ndinapita kwa amayi osunga chuma ndi kapepala. Anavala magalasi awo, n'kutenga foni, n'kuyamba kudina kakyuleta. "Achimwene, zimenezi ndi za chaka?" Ndinati ayi amayi, ndi za mwezi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwawerengera kuti ndi matumba angati a mtedza?" Sindinayankhe. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha madola chimawawa pawiri: mtengo wake, komanso kupeza madolawo. Khadi ya kubanki ya kopaletivi siinatsegulidwe n'komwe kuti izilipira kunja, ndipo makampani amenewa salandira Airtel Money kapena Mpamba.

Komabe sindinafune kukana chinthu chimene sindinachilawe. Semrush imalola kusaka kakhumi patsiku pa akaunti yaulere, Ubersuggest katatu. Ndinkalemberatu mawu papepala kuti ndisawononge mpata, ngati munthu wa bandulo yotsala pang'ono.

Zimene ndaphunzira n'zakuti manambala a zida zimenezi sachokera m'mabuku a Google mwachindunji. Ndi zoyerekeza. Amasakaniza za mu Keyword Planner ndi mbiri ya mmene anthu ena amayendera pa intaneti, imene amagula kwa makampani osonkhanitsa zoterezi. Kumene anthu oterewa ndi ochuluka, monga ku America ndi ku Britain, kuyerekezako kumayandikira choona. Kuno kwathu, kumene ambiri timalowa pa intaneti ndi foni ya m'manja ndipo bandulo yambiri imathera pa WhatsApp ndi Facebook, ndikuona kuti akuyeza nyanja ndi chipande.

Palinso nambala ina ya 0 mpaka 100 imene amati Keyword Difficulty, yoyerekeza kuvuta kwa kukwera pamndandanda waulere. Ku Ahrefs imachokera pa kuchuluka kwa mawebusayiti amene aloza ku masamba khumi oyamba. Pa mawu athu imakhala yotsika pafupifupi paliponse, zimene ndikanadziwa pongoyang'ana ndi maso: mukasaka za mtedza wa ku Mchinji mumapeza nkhani zakale za m'nyuzipepala, malipoti a mabungwe a mtundu wa PDF, ndi masamba a pa Facebook. Palibe amene walemba tsamba loyankha wogula.

Ndisaziipitse mopitirira. Pa funso lakuti wogula wa ku Johannesburg kapena ku Nairobi amalemba chiyani m'Chingerezi, ndi kuti ndani aloza ku mawebusayiti a makampani otumiza mtedza kunja, zida zimenezi zimadziwa zinthu. Kungoti chaka chino katundu wathu sakwana kutumiza kunja patokha. Ndalembetsa Ahrefs Webmaster Tools, yaulere kwa mwini webusayiti, ndipo yandionetsa kale zithunzi zolemera zimene zimachedwetsa tsamba kutseguka pa foni. Ndazichepetsa.

Malichi, sabata yachitatu

Chida chimene chandipatsa zambiri mpaka pano ndi kabokosi kosakira ka Google komweko. Mukayamba kulemba, kamakumalizirani mawu, ndipo zimene kamamalizazo zimachokera pa zimene anthu analembadi. Ndimatsegula Chrome pa incognito kuti zosaka zanga zakale zisasokoneze, kenaka ndimalemba mawu amodzi n'kumaonjezera chilembo chimodzichimodzi, a mpaka z. Ndi ntchito yotopetsa ngati kusankha mtedza wowola pamphasa, koma ndi yaulere. Pansi pa tsamba la zotsatira palinso mawu ofanana nawo, ndipo pakati pamakhala mafunso a People also ask, ngakhale kuti amenewa amatuluka kwambiri mukasaka m'Chingerezi.

Kuyambira mu 2017 Google imapereka zotsatira potengera kumene muli, osati potengera kuti mwalemba google.mw kapena adiresi ya dziko lina. Ife tili m'malire, ndipo ena mwa ogula athu amadutsa pa Mwami. Ndinapempha msuweni wanga wa ku Chipata kuti alembe mawu omwewo pa foni yake n'kunditumizira zithunzi za sikirini. Anandiseka kaye. "Asuweni, kuno ndani amati mtedza? Ni nshawa." Ndinakumbuka kuti agogo kumudzi nawonso amati nsawa. Palibe chida cha madola chimene chikanandiuza zimenezi, chifukwa sindikanadziwa n'komwe kuti ndichifunse.

Ndiye pamndandanda pali mtedza, ntedza poti ambiri amalemba choncho pa foni, nsawa, nshawa, groundnuts, peanuts, kuphatikizapo nsinjiro ndi chiponde.

Mawu akuti mtengo andivutitsa. Mukalemba kuti "mtengo wa", makina sadziwa ngati mukunena za ndalama kapena za mtengo wa mango. Google Translate ili ndi Chichewa chiyambire Disembala 2014, komabe ndaona kuti posaka, mawu okhala ndi matanthauzo awiri amabweretsa zosakanikira. Pamitu ya masamba ndiziika zonse: mtengo, pa kg, ndi zingati, ndi price. Anthu athu amasakaniza zilankhulo polemba, ngati mmene amayankhulira pamsika.

Epulo, sabata yoyamba

Apa ndi pamene ntchito yasintha nkhope. Foni ya kopaletivi imakhala ndi amalume amene amayang'anira nkhokwe yathu. Ndinawagulira kope la masamba 40 ndi bolopeni, n'kuwapempha kuti aliyense woimba kapena wolemba pa WhatsApp, azilemba funso lake loyamba mmene walinenera, osakonza. Anandifunsa kuti, "Ngakhale zolakwika Chichewa?" Ndinati makamaka zimenezo, amalume.

Lachisanu ndinakhala pa thumba kunkhokweko n'kuwerenga kopelo. Malembo awo ndi opendekera, ena adetsedwa ndi fumbi la makoko, koma munali chuma. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa m'mawu amene ine ndinkayesa mu zida zija. Ogula amafunsa dzina la mtundu: "Muli ndi CG7 woswa kale?" "Chalimbana pa kg ndi zingati?" "Mumatumiza ku Lilongwe kapena tidzatenge tokha?" Amayi ena opanga chiponde anafunsa ngati tinayezetsa chuku. Wogula wodziwa safuna mtedza chabe. CG7, wofiira uja amene anatuluka ku Chitedze mu 1990, ali ndi mafuta ambiri ndipo ali ndi ogula akeake. Chalimbana, wamaso akuluakulu, amakondedwa ndi okazinga. Mawu akuti groundnuts supplier amene ndinataya nawo masiku, mwina amalembedwa ndi munthu wa mu ofesi kunja kwa dziko, koma woimba foni yathu sayankhula choncho.

Mafunso ena sanali a ogula n'komwe. Anali a alimi anzathu: mbewu ya CG9 ipezeka liti, soya wa Tikolore tigula pa zingati, matenda a mtedza a kadukutu amachiritsika kodi.

Apa ndinaona kanthu kamene chida chosadziwa Chichewa sichingaone. "Ogula mtedza" ndi "ogulitsa mtedza" zimasiyana ndi tizilembo titatu pakati, koma amalemba ndi anthu awiri osiyana kotheratu. Wolemba kuti ogula mtedza ndi mlimi amene ali ndi matumba m'nyumba, akufuna msika. Wolemba kuti ogulitsa mtedza ali ndi ndalama m'thumba, akufuna katundu. Tikawaika patsamba limodzi, aliyense adzaona ngati wasochera. Ndagawa mndandanda pawiri: wa alimi, umene udzakhala m'Chichewa, ndi wa ogula, umene udzakhala m'zilankhulo zonse ziwiri.

Epulo, sabata yachiwiri

Ndalemba masamba atatu. Loyamba ndi la mitundu ya mtedza imene tili nayo, mtundu uliwonse ndi chithunzi chake chojambulidwa padzanja kuti kukula kwa maso kuoneke. Lachiwiri ndi la chuku, chimene m'Chingerezi ogula amachisaka ndi dzina la aflatoxin: mmene timaumitsira mtedza osauunjika pansi ponyowa, chifukwa chake sitilola kuwaza madzi pamakoko pofuna kuswa mosavuta, ndi malire amene misika ya ku Ulaya imaika, omwe ndi 4 ppb (magawo anayi pa biliyoni) pa mtedza wodyedwa mwachindunji. Lachitatu ndi la alimi, la kadukutu: kuti amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, kuti mbewu ikadwala palibe mankhwala oichiza, ndi kuti chitetezo ndi kudzala ndi mvula yoyamba, mothithikana, komanso kusankha mitundu yopirira. Alangizi a zaulimi a dera lathu analiwerenga n'kukonza malo awiri.

Ndatumiza sitemap, mndandanda wa masamba onse a webusayiti, ku Search Console ndi kupempha kuti masamba atsopanowo alowe m'kaundula. Ndayambanso kulembetsa Google Business Profile kuti nkhokwe izioneka pa mapu. Iyonso imaonetsa mawu amene anthu analemba asanakupezeni.

Epulo, kumapeto

Misampha yayamba kugwira. Manambala ndi aang'ono, sindingawanyadire pamsonkhano, koma ndi athu enieni, si oyerekeza. Tsamba limene likuonekera kwambiri si la malonda ayi, ndi la kadukutu lija, limene ndinalemba ngati chowonjezera chabe.

Mu Search Console muli sefa ya regex, yosefera mawu angapo nthawi imodzi, imene anaiika mu 2021. Ndimalemba mtedza|ntedza|nsawa|nshawa|groundnut|peanut, ndipo mawu onse a banja limodzi amabwera pamodzi. Ndikasankhanso dziko, ndimaona za ku Malawi padera ndi za ku Zambia padera. Chinandidabwitsa n'chakuti chiwerengero cha pamwamba chimaposa cha mawu amene ali pamndandanda. Chifukwa chake n'chakuti Google imabisa mawu osakidwa ndi anthu ochepa kwambiri poteteza zinsinsi zawo. Kwa webusayiti yaikulu zimenezi n'zochepa, koma kwa ife amene pafupifupi funso lililonse la Chichewa ndi losowa, gawo lobisikalo ndi lalikulu. Google yomweyo imanena kuti 15 peresenti ya zosaka za tsiku lililonse ndi zoti sinazionepo. Ndikukhulupirira kuti zambiri za anthu athu zili m'gulu limenelo, poti m'Chichewa mawu amodzi amavala zovala zambiri: ndigule, ndingagule, kogula, tikagule. Ndiye kope la amalume silichoka.

Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira zokolola nyengo yokolola ikamayamba, ndipo masiku amenewo foni siipuma. Ndakonza tsamba lachinayi la mitengo, limene tizilisintha m'malo molemba latsopano chaka chilichonse, kuti adiresi yake ikhale imodzimodzi ndipo isataye malo amene yapeza.

Meyi, sabata yoyamba

Ndapereka lipoti ku komiti pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe, poti m'katimo mwadzaza matumba. Ndawauza kuti chaka chino tisagule chida cholipira. Tigwiritsa ntchito Search Console Lolemba lililonse, kabokosi ka Google kamodzi pamwezi ine ndi msuweni wa ku Chipata, Keyword Planner pa mawu a Chingerezi okha, ndi kope la kunkhokwe tsiku ndi tsiku. Zonse zizilowa mu Google Sheets imodzi ya madanga anayi: mawu, amene amawalemba, kumene tawapeza, ndi tsamba limene likuwayankha. Tikadzafika potumiza katundu kunja, tidzalipira mwezi umodzi wokha wa Ahrefs kapena Semrush, n'kukopera zonse zofunika, n'kutseka mwezi usanathe.

Abambo ena a mu komiti sanakhutire. Anati, "Ndiye miyezi itatu yonseyi mwapeza kope?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma funsolo lili ndi mano. Zoonadi, pa mawu akuluakulu a Chingerezi sitinafike tsamba loyamba, ndipo sindinawalonjeze tsiku. Manyowa sagwira chaka chomwecho, anawayankha a wapampando, osati ine. Amayi osunga chuma anavomereza ndalama ya bandulo ya miyezi itatu ina ndi makope awiri.

Meyi, sabata yachiwiri

Zotsala: pasiwedi ya dzina la webusayiti sinapezekebe, ndipo nthawi yolipira chaka china ikuyandikira. Zimenezi zikundisowetsa tulo kuposa ma keyword, chifukwa dzinalo likatayika, zonse zimene tamanga zipita nalo. A wapampando alonjeza kupita okha kwa makolo a mnyamatayo Loweruka. Google Business Profile ikudikira vidiyo yotsimikizira malo, imene ndijambula chikwangwani chathu chikauma penti. Tsamba la soya sindinaliyambe.

Lachitatu amalume anawonjezera danga lawolawo m'kope, lofunsa woimba kuti nambala yathu waipeza kuti. Ambiri akuti kwa mnzawo kapena pa gulu la WhatsApp. Dzulo masana analemba mzere uwu, n'kuudula kawiri kunsi: "Mayi wa ku Area 25, akufuna Chalimbana matumba 6, akuti anaona pa Google." Ndawafunsa ngati anamufunsa mawu amene analemba posaka. Akuti anaiwala, koma mayiyo abwera Lolemba kudzaona katundu, ndipo kope lidzakhala patebulo.